Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mlandu wa pa seva ku Graniteside

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali, makamaka mayi aja a ku Mufakose amene anati nkhani ya ku Graniteside, dera la mafakitale ku Harare, ndisaithamangitse. Ndamva, mayi. Achimwene amene munafunsa chifukwa chimene sinditchulira dzina la kampani: ena amene anandichitira chifundo akadali pantchito kumeneko, sindifuna kuwathirira mchenga m'chakudya.

Mukukumbukira kuti amalume ndi amene anandipezera ntchito yoyang'anira makompyuta pa kampaniyo. Zaka zoyamba zinadutsa popanda chonena. Kenako 2019 inafika, madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba, magetsi akuthima mpaka maola 18 patsiku, ndalama ya Zimbabwe ya nthawiyo, RTGS, ikusungunuka m'thumba. Masiku ena ndinkagona mu ofesi kudikira magetsi a pakati pa usiku kuti ndichite backup, kukopera mafayilo kwina kuti asatayike.

Lolemba lina ndinapeza anthu ali duu pakhomo. Foda ya ma invoice inali itafufutidwa pa seva yathu, kompyuta yosungira mafayilo a kampani, imene inkayendera Ubuntu, mtundu wina wa Linux. Kwa inu amene si ntchito yanu: pa Linux pali akaunti yotchedwa root imene ingachite chilichonse. Enafe timabwereka mphamvu zake polemba sudo patsogolo pa lamulo, ndipo fayilo ya /etc/sudoers ndi imene imanena kuti ndani abwereke, pa zinthu ziti. Bwana anali ataitana kale katswiri wa m'tauni. Anatsegula fayiloyo, naona mzere wa %sudo, wonena za gulu la anthu ololedwa kubwereka mphamvuzo, nayang'ana amene ali m'gululo. Munali dzina langa lokha. Kwa iwo, mlandu unathera pomwepo.

Bwana sanakalipe ayi. Anangoti, "Anthu a kwanu ku Nyasaland timawadziwa." Ine ndinabadwira ku Mbare, konkuno ku Harare. Mayi anga anabadwira ku Mbare. Agogo ndi amene anachoka ku Dedza, ndipo manda awo ali konkuno. Ndinafuna kuyankha, koma pakamwa panauma. Anandilanda khadi lolowera, nauza alonda kuti andiperekeze kugeti. Alondawo munawamva kale m'gawo 6, madala aja amene tinkacheza nawo m'Chichewa pa nthawi ya tiyi. Anagwira chikwama changa manja akunjenjemera, nati, "Pepa mwana wanga, andiuza kuti ndionemo." Anatulutsa chaja, kabuku, ndi kontena ya nsima imene ndinali ndisanadye. Anabwezamo chimodzichimodzi, mwaulemu, maso ali pansi. Mpaka lero mawu a bwana sandipweteka ngati mmene zimandipwetekera ndikakumbuka manja a madala aja.

Ndinakwera kombi yopita ku Highfield dzuwa likadali pamutu. Mayi atandiona nthawi imeneyo sanafunse kanthu. Anapitiriza kudula masamba, kenako anati, "Amalume ako ndikawauza ndine, iwe usapiteko."

Pa tsiku la mlandu ndinapempha chinthu chimodzi, kuti katswiri uja alembe yekha pa kiyibodi, ine manja ali kumbuyo. Ndinati alembe `sudo -l -U` ndi dzina la akaunti ya mphwake wa bwana, mnyamata uja wa ku sitolo. Lamulo limeneli limaonetsa zonse zimene munthu waloledwa, kulikonse kumene chilolezocho chalembedwa. Pa sikirini panatuluka `(ALL) NOPASSWD: ALL`. Kutanthauza chilichonse, ngati root, popanda ngakhale kufunsidwa pasiwedi.

Katswiri anati n'zosatheka, fayilo anaiwerenga yonse. Ndinamuonetsa mzere wotsiriza, `#includedir /etc/sudoers.d`. Iye anaudumpha poganiza kuti chilichonse choyamba ndi # ndi ndemanga chabe. Umenewo si ndemanga. Umauza sudo kuti iwerengenso mafayilo a mu foda imeneyo, ndipo m'menemo munali kafayilo ka mzere umodzi kamene kanasiyidwa ndi amene ndinalowa m'malo mwake, bwana yemweyo atapempha. Kenako tinatsegula /var/log/auth.log, fayilo imene imasunga mbiri ya amene anagwiritsa ntchito sudo. Mzere unali pomwepo: dzina la mnyamatayo, Loweruka usiku, USER=root, COMMAND=/bin/rm, lamulo lofufutira, ndi foda ija. Akuti disiki inadzaza, ankafuna malo.

Palibe anapepesa. Bwana anangofunsa ngati backup ya Lachisanu ilipo. Inalipo. A katswiri, ndikudziwa kuti mumawerenga zimene ndimalemba pano, mnzathu wina anandiuza. Munalipidwa madola a ku America chifukwa chowerenga theka la nkhani, ine n'kukhala pakhomo osalandira kanthu. Sindikusungirani chakukhosi, koma musamauze anthu kuti vutolo munalipeza ndinu.

Ambiri mudzati ndikanangosiya ntchitoyo. Mankhwala a shuga a mayi ankagulidwa ndi madola, ndipo amalume anali ataika nkhope yawo pa ine. Ndinabwerera, koma ndi mfundo zanga, zolembedwa papepala. Aliyense akhale ndi akaunti yakeyake. Lamulo lililonse la mu sudoers lilembedwe ndi pulogalamu ya visudo, chifukwa imayamba yaona ngati mwalakwitsa kalembedwe isanasunge, ndipo ndikamaliza ndimathamangitsabe `visudo -c`. Munthu apatsidwe malamulo okhawo amene ntchito yake ikufuna, njira yake yonse italembedwa, osati ALL. Pamene malamulo awiri akutsutsana, sudo imatsata womaliza, choncho ndimayang'ana ndi `sudo -l -U` osati ndi maso okha. Wowerengera ndalama atapempha kuti azitsegula vi, pulogalamu yolembera m'mafayilo, ndi sudo ndinakana, chifukwa ali mkati mwa vi akhoza kulemba `:!sh` n'kusanduka root. Ndinamupatsa sudoedit, imene imamulola kusintha fayilo popanda kusanduka root. Anakwiya kwa kanthawi, kenako anazolowera.

Kafayilo ka mnyamata uja ndinakachotsa bwana ataima kumbuyo kwanga. Madzulo a Lamlungu lotsatira mnyamatayo anafika kwathu ku Highfield ali ndi mayi ake, atanyamula shuga ndi mafuta ophikira. Zimene mayi anga anawauza pakhonde ndi za gawo 10.