Mbiri ya moyo wanga, gawo la 11: Poizoni

Ndiyambe n'kuthokoza nonse amene munayankha gawo lapita lija. Ambiri mukufuna kudziwa kuti nkhani ya alamu anga ndi malata aja inatha bwanji. Ifika, dekhani. Koma pali mayi wina anaona galu wa khutu lakugwa amene amaoneka pa zithunzi zanga, n'kufunsa kuti, "Si inu kodi munkati galu sadzaponda pakhomo panu?" Ndine ndemwe, mayi. Lero ndiyankha inuyo.

Amene munayamba nane mukudziwa kumene mantha anga anachokera. Kwathu ku Ntcheu, mwana wa azakhali analumidwa ndi galu tili ana. Bala linapola, anthu n'kuiwala. Patapita miyezi anayamba kuopa madzi, kapu ikafika pakamwa khosi n'kumakana. Chiwewe chikafika pamenepo palibenso mankhwala. Ndinakula ndikangoona galu, mwala uli kale m'manja. Ukwati wonse, mpaka bambo a ana kutisiya, pakhomo panga sipanagonepo galu.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Nthawi imeneyo tinali ku Chilobwe, m'kanyumba ka lendi kaja ndinathawirako atandilanda katundu. Chakumtunda kwathu kunkakhala agogo ena ogulitsa makala. Sindinawatchulepo m'magawo apitawa, koma ndi amene ankandikongoza kajumbo ka makala masiku amene ndinalibe ngakhale ya mchere, osalemba paliponse. Ankakhala okha ndi galu wawo, Poizoni. Dzina loopsa, mwini wake wamantha moti nkhuku ya anapiye inkamuthamangitsa.

Mvula inagwa osapumira mpaka phiri la Soche linagumuka. Ife kwathu kunangogwa chipupa chimodzi. Titakwera kumtunda kukaona anzathu, kunalibe nyumba, kunalibe njira, matope okhaokha ndi miyala imene sindikudziwa kuti inatsika bwanji. Anyamata ankakumba ndi makasu, ena ndi manja. Azimayi kulira, wina akuitana dzina la mwana wake mpaka mawu kutha. Pakati pa zonsezo panali Poizoni, thupi lonse matope, akukumba pamalo amodzi. Amugende, athawe pang'ono, abwererenso pomwepo. Zikhadabo zinali zitayamba kutuluka magazi. Sankauwa, ankangolira chapansipansi mphuno ili m'matope. Ndinaima pamenepo mvula ikundinyowetsa, ndikudziwa bwinobwino chimene akufuna, koma pakamwa panga posatseguka. Mnyamata wina ndiye anati, "Amangwetu, tiyeni tikumbe pamene pakukumba galupa."

Anawapeza. Ndinavula chitenje changa chapamwamba n'kuwafunditsa kumaso, chifukwa panalibe wachibale woti achite zimenezo. Atawanyamula kupita kumsewu, kumene galimoto inkatenga mitembo kupita nayo ku Queens, galu anali pambuyo. Galimoto itanyamuka anaithamangira mpaka kutopa, n'kubwerera kudzakhala pansi pamene anawakwezera.

Kukampu, kusukulu kumene tinkagona, ndinangozindikira ali pansi pa zenera la kalasi yathu. Kenako ndinagwira mwana wanga wotsiriza akumupatulira phala. Ndinakalipa. Phala lolandira pamzere, n'kumapatsa galu? Mwana anangoti, "Amama, nanga iyeyu alembetse kwa ndani?" Tsiku limene tinachoka kupita ku Zingwangwa, katundu ali pamutu, ndinacheuka n'kumuona akubwera chapatali, tikaima nayenso n'kuima.

Ndinamulola ndi lamulo limodzi: katemera. A Mission Rabies akhala akubaya agalu kwaulere mu Blantyre kuyambira 2015, ndipo atafika kudera kwathu ndinamukoka ndekha ndi chingwe choyanikira zovala, mtima ukugunda. Anamubaya, kumupaka penti pamphumi, ine n'kundipatsa kakhadi. Kakhadi kameneko kamakhala m'jumbo imodzi ndi mabuku akuchipatala a ana.

Koma tsiku limene ndinamugwira koyamba ndi manja linali la mphutsi. Anali ndi timatuza pamimba ndi m'miyendo, chifukwa chogona panthaka yonyowa. Mayi woyandikana nane anandionetsa: upake Vaseline pakabowo, udikire pang'ono, ufinye ndi zala ziwiri, kamphutsi koyera n'kutumphuka. Ndinakhala pakhonde mutu wake uli pamwendo panga, ndikufinya kamodzikamodzi. Akamva kuwawa ankangondinyambita dzanja. Ine amene ndinakulira kugenda agalu, misozi inangoyamba yokha, ndipo sindinganene kuti ndinkalirira galuyo, agogo aja, kapena bambo a ana.

Tsopano ndiyankhe amene munalemba kuti ana ndikuvutika nawo, galu ndi wa chiyani. Mukunena zoona kuti zinthu zinathina, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma Poizoni sadya nyama ya kubutchala. Amadya nsima ya gaga yothira msuzi wa mitu ya usipa, ndipo palibe mwana wanga anagonapo ndi njala chifukwa cha iye. Komanso mkazi wokhala yekha ndi ana m'tauni muno amadziwa kusiyana kwa tulo ta pakhomo pamene pali galu ndi pamene palibe. Wamantha yemweyo usiku amauwa, ndipo akuba sadziwa za nkhuku ija.

Alandilodi a ku Zingwangwa anati ndisankhe, nyumba kapena galu. Ndinasamuka. Apongozi anga atamva anauza anthu kumudzi kuti ndazungulira mutu, ena n'kuwonjezera zawozawo zoti mkazi wamasiye woweta galu pali chimene akubisa. Apongozi, ndikudziwa kuti muli ndi ana amene amakuwerengerani zimene ndimalemba pano. Awerenge bwino apa: pamene munkagawana mipando ya mwana wanu, galu analibemo.

Zaka ziwiri zinadutsa choncho. Ndiye chaka chathachi kunabwera bambo wina, akuti ndi mdzukulu wa agogo aja, wamva kuti galu wa agogo ake ali kwa ine, akumufuna akalondere munda kumudzi. Ndinamupatsa mpando ndi madzi akumwa. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, tsiku lokumba lija munali kuti?" Anati anali kutali. Ndinati chabwino, muitaneni, akakutsatani mupite naye. Anaimba likhweru, anaitana dzina, anatulutsa mpaka bisiketi m'thumba. Poizoni anadya bisiketiyo n'kukalowa kunsi kwa benchi imene ndinakhalapo.

Bamboyo anachoka akung'ung'udza kuti akanena kwa amfumu. Mpaka lero ndikudikira kuitanidwa. Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo n'chakuti amene anamulozera kwathu ndi alamu anga omwe aja, ndipo nkhani ya malata ikuyambira pamenepo. Tikumane Lachisanu.