Foda ya mbalame zanga inasowa: zolemba za masiku anayi

Lachisanu usiku

Ndimafuna kusankha zithunzi khumi zoti ndikatsukitse mawa. Kutsegula Pictures, foda ya "Mbalame 2024" kulibe. Ya ukwati wa mlongo wanga ilipo, ya maliro a agogo ilipo, ngakhale ya zithunzi zopanda pake za pa WhatsApp ilipo. Yasowa ndi yokhayo yomwe ndinaivutikira: zithunzi zoposa 3,000, kuphatikizapo nkhwazi ya ku Liwonde ija ndinaidikira m'boti pa Shire mpaka msana kuwawa. Mutu unaima.

Mu Recycle Bin munali makalata akale awiri basi. Izi sizinanditonthoze, chifukwa ukafufuta ndi Shift ndi Delete chinthu sichidutsira m'binimo, komanso foda ikakula kuposa malo a bini, Windows imangofunsa ngati ukufuna kuifufutiratu. Kenako ndinachita chopusa: ndinazimitsa laputopu n'kuiyatsanso, ati mwina ziwoneka. Sizinaoneke. Ndinagona ndi njala, nsima itazizira pa tebulo.

Loweruka

M'mawa nzeru zinabwererako. Ndinatsegula This PC kuti ndione malo otsala pa disiki C. Panali 118 GB, pafupifupi chimodzimodzi ndi sabata yatha. Kamera yanga ndi Canon 600D, ndipo chithunzi chimodzi cha CR2, mtundu wa fayilo womwe kamerayi imasungira zithunzi, chimadya pafupifupi 25 MB. Zikwi zitatu ndiye kuti 75 GB kapena kuposerako. Zikanakhala kuti zafufutikadi, malo otsala akanakwera kufika cha m'ma 190 GB. Sanakwere. Apa ndinadziwa kuti katundu ali m'nyumba momwemu, kungoti sindikudziwa chipinda chake. Pa zonse zomwe ndinachita masiku anayiwa, kawerengedwe kameneka ndi kamene kanandithandiza kwambiri, ndipo sikanatenge ngakhale mphindi imodzi.

Ndinayamba kusecha. Choyamba, View kenako Hidden items, poganizira kavairasi ka pa fulashi kaja kamabisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Kanandigwirapo kale nditapita ndi fulashi kokatsukitsa zithunzi, ndipo mankhwala ake ndimawadziwa pamtima: lamulo loonetsa mafayilo obisika, attrib -h -r -s /s /d. Ulendo uno panalibe chobisika. Ndinaona mu C:\Users ngati muli foda ya TEMP, poti nthawi zina Windows ikalephera kutsegula akaunti yako imakulowetsa mu ya kanthawi, iwe n'kuona ngati zonse zapita. Munalibe. Ndinadinanso kumanja pa Pictures, Properties, Location, kuti ndione komwe fodayo ikuloza, chifukwa ukayatsa backup ya OneDrive, malo osungira mafayilo pa intaneti, Pictures imasamukira mkati mwa foda ya OneDrive. Yanga inali pamalo pake. Masana magetsi anazima, batire la laputopu yangayi ndi la mphindi makumi awiri, nkhani inathera pomwepo.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi kunabwera mphwanga, yemwe akuphunzira zamakompyuta. Anandifunsa kuti, "Atsibweni, mwasechera pati?" Ndinati mu Pictures. Anaseka chamumtima, ulemu wake umenewo. "Mukufunafuna mbuzi m'khola lomwe yathawamo?"

Anatsegula Command Prompt, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta, n'kulemba dir C:\*.CR2 /s /a, lamulo losecha zithunzi zonse za CR2 pa disiki C yonse. Mizere inayamba kuthamanga pa sikirini, IMG_4410, IMG_4411, osaleka. Pamwamba pake panalembedwa komwe zili: Music, Nyimbo za kwaya, Mbalame 2024. Nkhwazi yanga, akakowa, anantchengwa, onse anali phee pakati pa nyimbo za Isitala.

Zinafikako bwanji? Ndi ine ndemwe. Lachinayi ndimakopera nyimbo za kwaya, ndipo chala chinatsetsereka pa touchpad, kukoka foda n'kuiponya m'ina osazindikira. Mphwanga anandifotokozera chinthu chomwe sindimachidziwa ngakhale ndagwiritsa ntchito kompyuta zaka zonsezi. Ukakoka foda kupita pa disiki ina, monga pa fulashi, Windows imakopera, yoyambayo n'kutsala. Koma ukaikoka pa disiki yomweyo, imasamutsa. Ndipo kusamutsa kumeneku sikunyamula zithunzi ayi, kumangosintha adiresi m'kaundula wa disiki, n'chifukwa chake 75 GB inachoka m'kuphethira kwa diso popanda kabokosi kosonyeza kuti ntchito ili mkati. Ndikanaona nthawi yomweyo, Ctrl ndi Z ikanabweza zonse. Nditazimitsa laputopu, mwayi umenewo unapita.

Lolemba

Chimwemwe chinachepa nditayamba kuwerenga. Zithunzi za ulendo womaliza wa ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, munalibemo. Zinali 62. Nditakumbukira bwino, sindinazikopere n'komwe: ndinafika kunyumba wotopa, ndipo patapita masiku ndinapanga fomati khadi mu kamera poyesa kuti ntchito ndinaigwira kale. Kuchokera pamenepo ndinajambulapo zina pafupifupi makumi awiri, za nkhuku ndi ana a aneba.

Apa ndiye panafunika PhotoRec, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier yomwe imabwera limodzi ndi TestDisk. Iyo siisamala za kaundula, imayenda pa khadi lonse kufunafuna chiyambi cha chithunzi chilichonse. Fomati wamba imangofufuta kaundulayo, zithunzi zimakhalabe mpaka zina zitalembedwa pamwamba pake. Ndinatsitsa kabatani ka Lock kam'mbali mwa khadi kuti pasalembedwenso kanthu, ndipo zopezekazo ndinazilozera pa laputopu, osati pa khadi lomwelo. Mphwanga akuti ndinachita mwayi kuti ndi khadi. Pa SSD, mtundu wa disiki wa m'makompyuta ambiri amakono, pali lamulo lotchedwa TRIM lomwe limakolopa malo ofufutidwa mwachangu moti kawirikawiri supeza kanthu.

Patatha mphindi 40 munatuluka foda ya recup_dir.1 yodzaza ndi maina osamveka, f ndi manambala ambirimbiri, zina za chaka chatha zomwe ndinaziiwala kale. Mwayi wake tsiku lojambulira limakhala mkati mwa chithunzi momwemo, choncho ndinazisanja ndi Date taken. Za ku Kachulu zabwerera 51. Zitatu mwa izo ndi zoduka, theka lakumunsi ndi lotuwa. Zosowazo ndi zoyambirira za m'mamawa, nkhuku za aneba zinakhala pamwamba pake, ndipo pakati pa izo panali msodzi akupalasa bwato ndi nsungwi, akakowa atandanda kumbuyo kwake. Chimenecho chandiwawa.

Madzulo ndagula hadi diraivi yakunja ya 1 TB, ndipo pamene ndikulemba pano kukopera kwafika 38 peresenti. Ndalumikizanso mausi ya chingwe, touchpad ndaizimitsa. Mwezi wamawa, mvula ikapanda kuwononga msewu, ndibwerera ku Kachulu kukamufuna msodzi uja.