Zimene ndikuphunzira pa nkhani ya masomphenya a bizinesi

Pa maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi amene ndikuchita, mutu umene wanditengera nthawi yaitali kuposa ina yonse ndi wa masomphenya, ngakhale kuti uli ndi masamba ochepa poyerekeza ndi mitu ya kawerengedwe ka ndalama ndi kapezedwe ka msika. Masamu a phindu ali ndi yankho limene munthu angathe kulitsimikiza papepala, koma funso lakuti bizinesi ikulowera kuti ndiponso ikufuna kudzakhala yotani silingayankhidwe ndi munthu wina koma eni ake. Mfundo imene yakhazikika mwa ine ndi yakuti masomphenya enieni amaoneka pa zinthu zimene bizinesi imalolera kuzikana ndi kuzitaya chifukwa cha masomphenyawo.

Tinayamba ndi funso limene Peter Drucker, katswiri wa kayendetsedwe ka bizinesi, anafunsa m'chaka cha 1954, lakuti kodi bizinesi yathu ndi yotani kwenikweni. Limamveka ngati funso lachibwana, koma Theodore Levitt, katswiri wa zamalonda, anaonetsa m'chaka cha 1960 kuti makampani akuluakulu amapunthwa pomwepa. Iye anafotokoza kuti makampani a sitima zapamtunda ku America anasiya kukula pamene chiwerengero cha anthu ofuna kuyenda ndi kutumiza katundu chinali kukwera, chifukwa chakuti ankadziona ngati eni njanji basi m'malo modziona ngati anthu onyamula anthu ndi katundu. Magalimoto ndi ndege zitabwera, makasitomala anapita kumeneko. Masomphenya omangidwa pa katundu amene ukugulitsa lero amatha pamodzi ndi katunduyo, pamene omangidwa pa chosowa cha munthu amakhalitsa.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi kagawidwe ka Jim Collins ndi Jerry Porras, akatswiri ofufuza za makampani, amene m'chaka cha 1996 analemba kuti masomphenya ali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi imene siyenera kusintha, ndiyo cholinga chimene bizinesi inakhazikitsidwira pamodzi ndi mfundo zochepa, kawirikawiri zitatu mpaka zisanu, zimene eni ake amazikhulupirira ndi mtima wonse. Mbali yachiwiri ndi tsogolo limene bizinesi ikulifunafuna, ndipo limafotokozedwa ngati chinthu chachikulu chofunika zaka 10 mpaka 30 kuti chitheke, cholongosoledwa momveka bwino mpaka wogwira ntchito aliyense azichiona m'maganizo mwake. Iwo anaperekanso muyeso woyezera mfundo zija: kodi mungapitirize kuisunga mfundoyi ngakhale itayamba kukuluzitsani pamsika? Ngati yankho ndi lakuti ayi, ndiye kuti imeneyo ndi njira yopezera malonda chabe, yoti ingasinthidwe mawa.

Pofuna kuti tizimvetse bwino zimenezi, tinapatsidwa ntchito yosankha bizinesi yongoyerekeza n'kufunsa kasanu motsatizana kuti ntchito yake ndi yofunika chifukwa chiyani. Ine ndinasankha malo okonzera mafoni. Pamzere woyamba ndinalemba kuti timakonza mafoni owonongeka. Nditafunsa chifukwa chake, ndinalemba kuti anthu ambiri sangakwanitse kugula foni yatsopano nthawi iliyonse imene galasi lasweka kapena batire yafooka. Nditafunsanso, ndinaona kuti mufonimo muli manambala a makasitomala a munthuyo, mauthenga a abale ake, zithunzi za ana ake ndiponso njira yolandirira ndalama zake. Pofika pamzere womaliza, chimene chinali papepala sichinalinso nkhani ya zipangizo ndi waya, koma cholinga chakuti munthu asataye chida chimene moyo wake watsamirapo chifukwa cha vuto lokonzeka, ndipo achisiye m'manja mwathu popanda mantha. Apa ndi pamene zokana zinayamba kuonekera zokha. Malo okhala ndi cholinga chotere sangaike batire yachinyengo n'kulipiritsa mtengo wa yeniyeni, wokonza wake sangatsegule zithunzi za kasitomala ngakhale atapatsidwa nambala yachinsinsi, ndipo ayenera kumuuza munthu chilungamo foni ikakhala kuti yafika posakonzeka, ngakhale kuti potero akutaya ndalama ya tsikulo.

Nkhani imene ndaibwereza kuwerenga kambirimbiri ndi ya kampani ya mankhwala ya Johnson & Johnson. M'chaka cha 1943, Robert Wood Johnson, amene ankatsogolera kampaniyo, analemba chikalata chofotokoza anthu amene kampaniyo ili ndi udindo pa iwo, ndipo anawandandalika motsatana: poyamba onse ogwiritsa ntchito katundu wake, kenako ogwira ntchito, kenako anthu a m'madera amene kampaniyo ikugwiramo ntchito, ndipo eni masheya anawaika kumapeto. M'zaka za m'ma 1970, James Burke, mmodzi wa atsogoleri ake, anasonkhanitsa akuluakulu a kampaniyo kuti akambirane ngati akuchikhulupirirabe chikalatacho, poona kuti sikoyenera kuchisiya pakhoma ngati palibe amene akuchitsata. M'chaka cha 1982, anthu asanu ndi awiri anamwalira m'dera la Chicago atamwa mankhwala a kampaniyo otchedwa Tylenol amene munthu wina anathiramo poizoni. Kampaniyo inachotsa pamsika mabotolo pafupifupi 31 miliyoni m'dziko lonse la America, zimene zinaitayitsa ndalama zoposa madola 100 miliyoni, ndipo inabwezeretsa mankhwalawo m'mabotolo omatidwa mwakuti kasitomala azindikire ngati wina anawatsegula. Chimene chimandikhudza pankhaniyi ndi chakuti funso la amene ayenera kukhala patsogolo pakati pa wodwala ndi phindu linali litayankhidwa kale mavuto asanagwe, ndipo yankholo linali litayesedwa pa zokambirana zija. Kampani ya gasi ndi magetsi ya ku America yotchedwa Enron nayonso inali ndi mfundo zolembedwa bwino, kuphatikizapo ulemu ndi kukhulupirika, koma inagwa m'chaka cha 2001 chinyengo cha m'mabuku ake a ndalama chitaululika. Mawu anali okoma mbali zonse ziwiri, koma kusiyana kunali pa zochita.

Palinso nthawi imene tsogolo lija limafikiridwa, ndipo bizinesi imayenera kudziikira lina. Microsoft inakula ndi masomphenya akuti pa desiki iliyonse ndi m'nyumba iliyonse mukhale kompyuta. Makompyuta atafala m'maofesi ndi m'makomo ambiri ndipo anthu atayamba kudalira mafoni ndi intaneti, Satya Nadella, amene anayamba kuitsogolera m'chaka cha 2014, analengeza cholinga chatsopano chonena za kuthandiza munthu aliyense ndi bungwe lililonse kuti lichite zambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaona kuti mabuku ambiri sachitsindika mokwanira. Zitsanzo zawo ndi za makampani a anthu zikwizikwi, ndipo wophunzira akhoza kuganiza kuti masomphenya ndi nkhani ya anthu amene analemera kale. Ine ndikuona kuti bizinesi yaing'ono ndi imene ikuwafunitsitsa, chifukwa mpamba wake ndi wochepa ndipo mwayi uliwonse umene wabwera umakopa mtima. Mwini wake akapanda kudziwa kumene akupita, lero ayamba ichi, mawa atengeka ndi chimene mnzake wapindula nacho, ndipo mpamba umathera m'njira ngati madzi otungira mumtsuko wobooka. Ndiponso m'bizinesi ya anthu atatu kapena anayi, ogwira ntchito amamuona mwini wake tsiku lililonse, choncho akangomuona akunamiza kasitomala kamodzi, zonse zimene anawauza zokhudza chilungamo sazimvanso.

Ntchito imene ndikulemba tsopano ndi yosandutsa cholinga cha malo okonzera mafoni aja kukhala tsogolo la zaka 10 lokhala ndi zinthu zoyezeka. Pansi pa chiganizo chilichonse ndikulembapo malonda amene bizinesiyo idzawakane chifukwa cha chiganizocho, ndipo chimene sichikubweretsa chokana chilichonse ndikuchifufuta.