Sabata imene ndale zinatilowa mu ofesi

Kuntchito sabata yathayi kunali kotentha, osati chifukwa cha makesi a ana amene timawathandiza ayi, makesi ndiye sasowa, koma bwana anatiuza Lolemba kuti ndalama zoyendera ana amene tinawabwezera kwa abale awo zaimitsidwa kaye mpaka zinthu zidziwike, ndipo zoti zidziwika liti palibe akudziwa. Ife ma social worker mawu oti kaye sitiwakhulupiriranso, tinaona mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lakunja ati kwa masiku 90, mapulogalamu ambiri m'maiko osiyanasiyana sanadzukenso, USAID yeniyeniyo yomwe inalipo kuyambira 1961 anaitseka chaka chomwecho.

Usiku wake gulupu yathu ya WhatsApp inayaka moto. Uyu akuti olakwa ndi amene akulamulira pano, uyo akuti ayi ndi amene anachoka aja, kenako anthu anayamba kukumbutsana kuti iwe unavotera uje, mpaka amayi ena achikulire amene anandiphunzitsa ntchitoyi anangotuluka gulupu osanena kanthu. Kutacha anthu moni womwe movutikira, pomwe panja pali agogo ndi adzukulu awo akudikira kuti tiwauze ngati tidzabwerenso kudzawaona.

Pa mitingi ya Lachitatu amayi aja anabwera ndi pepala la mfundo za ntchito yathu, lija bungwe la ma social worker padziko lonse la IFSW linavomereza ku Dublin mu 2018, ambirife tinaliwerenga pokonzekera mayeso basi. Anatiwerengera poti social worker ali ndi udindo wodziwitsa mabwana ake, opanga malamulo ndi andale pamene ndondomeko ikupweteka anthu kapena zinthu zikuperewera, ndiye anati ana anga, apa palembedwa dzina la chipani? Ine mbali yanga ndi yomweyo. Kuvota aliyense amavota yekha, koma kunena kuti mwana amene tamuchotsa mumsewu akapanda kuyenderedwa amasiya sukulu, kapena amachitidwa nkhanza ife osamva, imeneyo ndi ntchito imene anatilembera, kaya m'boma muli ndani. Ndipo sizinayambe ndi ife, Jane Addams amene anatsegula nyumba yothandizira osauka ya Hull House ku Chicago mu 1889 ankalimbana ndi zogwiritsa ntchito ana m'mafakitale, anthu anamuda kwambiri atatsutsa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, mphoto ya Nobel inadzabwera mu 1931 atatukwanidwa kale mokwanira.

Koma mnyamata wina amene wangoyamba kumene anafunsa funso limene ena tinkalimeza, akuti inu mayi ntchito yanu ndi yokhazikika, ine ndili pa kontirakiti, ndikasaina kalata yodandaula za ndalamazi mawa andinena kuti ndine wotsutsa boma, ana anga muwadyetsa ndinu? Palibe anamuseka, mantha ake ndi oona, ndipo ine zomanena munthu wotere kuti alibe mtima wa ntchito zimandinyansa. Tinagwirizana kuti zolemba aliyense payekha pa Facebook tisiye, kalata ikhale imodzi, idutse ku bungwe lathu la ma social worker kuti asapeze mutu umodzi woti audule, ndipo musatchulidwe chipani kapena wandale aliyense.

Polemba kalatayo ndi pomwe tinakangananso, koma mkangano wabwino tsopano. Wina amafuna tiikemo zithunzi za ana ati anthu akuluakulu amakhudzidwa akaona nkhope, zoonadi amakhudzidwa, koma anawo sanatipatse nkhani zawo kuti tikapemphere ndalama, ndipo chithunzi chikalowa pa intaneti sichibwereranso, mwana adzakula nacho. Tinachotsa maina, malo, chilichonse choti munthu angamuzindikire nacho mwana, tinangotenga m'mafayilo zimene zimachitika maulendo akaima, nkutsamira pa pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, gawo 3, loti pa chilichonse chokhudza mwana ubwino wake uziganiziridwa patsogolo. Chodabwitsa, awiri aja amene anatukwanizana kwambiri pa gulupu ndi amene anakhala pa kompyuta imodzi mpaka mdima, wina akutayipa wina akukonza.

Pofika Lachisanu tinagawana mabanja oti tiziwaimbira foni pomwe maulendo aima, ngakhale foni siimakuuza zambiri, mwana sanganene kuti akumenyedwa womumenyayo atagwira foniyo, ndiye makesi oopsa kwambiri tawapatula kuti amenewo tipitebe ndithu. Kalata yapita, yankho silinabwere, mnyamata uja sanasaine ndipo tamuuza kuti palibe amukakamize.