Nambala 47

18 Disembala

Ndinadzuka 4 koloko, kunja kukadali mdima wa ndiwe yani. Chiphaso changa chokhalira m'dziko muno chikutha pa 9 Januwale, ndipo aliyense amene anakhalapo kwa eni akudziwa kuti deti la pachiphaso silimva pepani. Mapepala ndinayala pabedi dzulo usiku: pasipoti, kalata ya abwana, kalata ya eni nyumba, ndi zithunzi ziwiri zosamwetulira zija. M'mawa ndinawawerenganso, ngati kuti ena akanathawa ndili m'tulo.

Pa ofesi ndinapeza mzere utakhota kale pakona. Mnyamata wina ankalemba manambala m'manja mwa anthu ndi bolopeni kuti pasakhale kulowerera. Ine 47. Palibe anamutuma. Mzere wa obwera umadzilamulira wokha, poti tonse tikudziwa kuti phokoso likabuka mlonda atseka geti, ndipo olira tikhala ife.

Nambala 46 anali bambo wa imvi, atavala jekete lotha koma lositidwa bwino. Tinkalankhulana m'chilankhulo cha kuno, aliyense akuchithyola m'njira yake. Kwawo ankaphunzitsa masamu ku sekondale. Kuno amatsuka mabasi, chifukwa satifiketi yawo sadziwika nayo. Anathawa nkhondo, ndipo papita zaka 11 akudikira yankho ngati alandiridwa kukhala othawa kwawo. Amangowadindira kapepala ka miyezi yochepa, kakatha abwerenso.

"Nanga iwe mwana wanga, unathawa chiyani?"

"Ulova, bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Umenewo suli m'buku."

Sananame. Pangano la ku Geneva la 1951 limateteza munthu amene akuopa kuzunzidwa chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, dziko lake, gulu limene ali, kapena maganizo ake pandale. Njala mulibemo, ulova mulibemo. Ndiye pamaso pa malamulo ine ndi bambowa ndife anthu awiri osiyana, wina wothawa, wina wosaka ntchito. Koma kuzizira kwa m'mamawa kunatilowa m'mafupa chimodzimodzi, ndipo mayi wina amene anatulutsa mutu pawindo la basi n'kukuwa kuti tibwerere kwathu sanafunse kuti wa Geneva ndani.

Cha m'ma 8, wina anatsegula wailesi pafoni, ndiye tikumva kuti lero ndi tsiku lokumbukira anthu osamukira m'maiko ena. Mzere wonse unafa nacho chiseko. Tsiku lathu, ife tili chiimire, chikhodzodzo chitadzaza, osayerekeza kusuntha! Bungwe la United Nations linakhazikitsa tsikuli mu 2000, pokumbukira kuti pa 18 Disembala 1990 linavomereza pangano loteteza ogwira ntchito kunja pamodzi ndi mabanja awo. Panganolo linadikira mpaka 2003 kuti liyambe kugwira ntchito. Nalonso linaima pamzere. Chondiwawa n'chakuti maiko amene analivomereza, ambiri ndi omwe anthu amachokako. Olemera amene timapitako aja anangoliyang'ana ndi diso la nkhwezule.

Wapawailesiyo anatchulanso chiwerengero: mu 2020 anthu okhala kunja kwa dziko lobadwira analipo pafupifupi 281 miliyoni. Chikumveka chachikulu, koma pa anthu 100 alionse padziko lapansi, sitikwana anayi. Ukamva andale akamayandikira zisankho, ungayese ndife dzombe.

Chimene chandikhalira mumtima lero ndi kamtsikana kena, mwina ka zaka 10. Titalowa mkati, kanaima pakauntala chonyang'ama, kakumasulira amayi ake. Wa muofesi akafunsa, iko kamatembenuka n'kunong'oneza amayi m'chilankhulo chakwawo, kenako n'kuyankha m'chilankhulo cha kuno chosalala, chopanda chilema. Anafunsa za malipiro, kanayankha. Anafunsa za bambo ake, kanazengereza pang'ono, n'kuyankhabe. Kanabadwira konkuno, koma si mzika. Maiko ngati United States, Canada ndi Brazil amapereka unzika kwa mwana wobadwira m'dzikomo, koma maiko ambiri amayang'ana magazi a makolo. Ndiye kamwanaka ndi kamlendo m'dziko lokhalo limene kakulidziwa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sanaganizire za mame obadwira pa udzu womwewo.

Nthawi yanga inakwana 1 koloko itadutsa. Mayi wapakauntala sanandiyang'ane kumaso, koma sanandilalatire, ndipo kuno zimenezo timaziwerengera ngati mwayi. Dzina langa analilemba molakwika, anasiya chilembo chimodzi. Ndinaima kaye n'kumadzifunsa: ndinene, akwiye, kapena ndikhale chete, chiphaso chidzatuluke ndi dzina losiyana ndi la m'pasipoti? Ndinanena, mawu ali pansipansi, "pepani" katatu. Anapumira m'mwamba, n'kukonza. Chidindo phwa! Anandipatsa kalisiti, akuti ndidikire uthenga pafoni. Liti? Anakweza mapewa, n'kuitana 48.

Bambo aja ndinawapeza panja atakhala pamwala, akupinda kapepala kawo mosamala ngati ndalama. Awawonjezera miyezi ina. Anandigwira dzanja, nambala zathu zitafufutika kale ndi thukuta, n'kunena kuti tidzaonana pamzere. Mayina sitinafunsane.

Kuntchito ndinafika mochedwa, theka la tsiku adula. Pobwerera ndinatumiza kangachepe kwa achemwali, a kampani yotumiza ndalama n'kudyapo gawo lawo. World Bank imati potumiza ndalama kunja, pa 100 iliyonse pafupifupi 6 imathera m'njira, ndipo maiko analonjezana kuti pofika 2030 idzatsike kufika pansi pa 3. Tiona.

Usiku uno amayi aimba. Mawu awo akumveka otopa kuposa mwezi watha.

"Chaka chino ubwera, mtchona iwe?"

Ndinayamba kufotokoza kuti sindingatuluke m'dziko muno chiphaso chisanatuluke, kuti ndikadutsa malire ndi kalisiti kokha mwina sadzandilolanso kulowa. Anangoti, "Chabwino mwanangu, uzivala zofunda," n'kupereka foni kwa mdzukulu.

Kalisiti kaja ndakakulunga m'pulasitiki, kali pansi pa matiresi. Alamu ndatchera 5 koloko.