Sabata ya otsekula m'mimba

Ndine namwino, ndipo ndimagwira ntchito kumbali yoonera odwala osagonekedwa. Sabata yathayi ambiri amene anadutsa m'manja mwanga anali otsekula m'mimba, ana ndi akulu omwe, ndipo pafupifupi onse pempho lawo linali limodzi: "Tipatseni mankhwala oti m'mimbamu muleke." Pempholi ndimalimvetsa. Koma chimene chimapha wotsekula ndi madzi ndi mchere zimene zikutuluka m'thupi popanda kubwezeredwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha ana osakwana zaka 5 oposa 400,000 chaka chilichonse, chonsecho ambiri mwa iwo akanapulumuka ndi kapu ndi supuni.

Lolemba m'mawa kunabwera mayi ali ndi mwana wa miyezi 9 amene anayamba kutsekula Loweruka. Mayiyo anali atachepetsa kuyamwitsa, madzinso osamupatsa. "Ndikamupatsa akungotulutsa, ndiye ndimati m'mimba muyambe mwauma," anatero. Sindinawakalipire, chifukwa anachita zimenezo pofuna kuthandiza mwana wawo. Maso a mwanayo anali atalowa, liwombo litaphwa, ndipo nditatsina khungu la pamimba linabwerera mochedwa. Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti nditamuyandikizira kapu anaithamangira. Mwana amene akadali ndi mphamvu zofuna kumwa nthawi zambiri safunika dripi. Pasikelo analemera makilogalamu 8, ndipo popeza timawerengera mamililita 75 a ORS (madzi a mchere ndi shuga obwezera madzi m'thupi) pa kilogalamu iliyonse kwa maola 4, anafunika mamililita 600. Ndinawakhazika pakona n'kuwasonyeza kamwetsedwe kake: supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri, osathamanga. Pakati pake anasanza, mayi n'kuyamba kulira. Ndinati, "Mayi, dikirani mphindi 10, kenaka muyambirenso pang'onopang'ono. Zimene zatsala m'mimbamo n'zambiri kuposa zimene wasanzazi." Pofika masana anali atakodza, akuyamwa, akukoka mpango wa amake.

Mayiyo anandifunsa ngati vuto silinali mano. Mano satsekulitsa m'mimba. Kungoti msinkhu womera mano ndi womwewo umene mwana amakwawa, kutola chilichonse n'kuika m'kamwa, ndiponso kuyamba zakudya zina. Kwa ana otere chimene chimayambitsa kawirikawiri ndi mavairasi monga rota, ndipo mavairasi samva maantibayotiki. Ndinawapatsa mapaketi a ORS ndi zinki, mamiligalamu 20 patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, osasiya ngakhale mwana achire msanga. Wosakwana miyezi 6 amamwa theka lake. Zinki amafupikitsa matendawa ndipo amateteza mwana kuti asatsekulenso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira.

ORS anthu amamuderera chifukwa amaoneka ngati madzi wamba. Kagwiridwe kake nkotere: matumbo, ngakhale akudwala, amayamwabe mchere ngati wabwera pamodzi ndi shuga pamlingo woyenera, ndipo mchere ukalowa madzi amatsatira. Mu 1971, pankhondo ya ufulu wa Bangladesh, kolera anabuka m'misasa ya othawa kwawo ku Bangaon m'dziko la India, madripi n'kutha. Dokotala Dilip Mahalanabis anayamba kumwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga, achibale awo ndiwo akumwetsa. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa osakwana 4. Ndikamasungunula paketi pamaso pa mayi amene akukayika, nkhani imeneyi imandibwerera.

Lachiwiri kunabwera bambo ndi mwana wawo wamkulu, onse akusanza ndi kutsekula patangopita maola ochepa atadya chakudya chogona chimene sichinatenthetsedwe bwino. Zoterezi zimachokera ku poizoni amene mabakiteriya amasiya m'chakudya, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha tsiku limodzi kapena awiri. Bamboyo anali atanyamula botolo la chakumwa chozizilitsa kukhosi, akuti akubwezera madzi. Ndinawapempha alisiye. Zakumwa zotsekemera kwambiri, kuphatikizapo juwisi wothira shuga, zilibe mchere wokwanira, ndipo shuga wochulukayo amakokera madzi m'matumbo, kutsekula n'kuwonjezeka. Khofi ndi mowa nazonso aziike pambali. Anafunsa chochita paketi ikasowa usiku, ndipo ndinawalembera: lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mchere osaonjeza, chifukwa ukachuluka umavulaza, makamaka mwana. Zotsala zikakwana maola 24, kutaya n'kupanga zina. Paketi ikapezeka ndiyo yabwino koposa, popeza ili ndi potaziyamu amene madzi opanga nokhawa alibe.

Lachitatu ndilo linandipweteka mtima. Mtsikana wa zaka 4 anabwera thupi likutentha, akubuula ndi m'mimba, chimbudzi chili ndi magazi ndi zonanda. Kwawo anamumwetsa mankhwala oletsa kutsekula a loperamide amene anatsala kwa munthu wamkulu. Mankhwala amenewa amangogoneka matumbo, tizilombo n'kutsalira momwemo, ndipo kwa mwana wamng'ono angathe kutupitsa mimba moopsa. Ana sitiwapatsa, ngakhalenso wamkulu amene akuona magazi kapena akutentha thupi. Kamwazi nthawi zambiri amayamba ndi mabakiteriya otchedwa Shigella, ndipo apa ndi pamene maantibayotiki amafunikadi. Adokotala anamulembera, ORS ndi zinki n'kupitiriza. Tsiku lomwelo ndinaona mnyamata amene kutsekula kwake kunayambitsidwa ndi maantibayotiki amene ankamwera chifuwa, chifukwa mankhwalawa amaphanso mabakiteriya abwino a m'matumbo.

Lachinayi kunabwera agogo ena atanyamulidwa. Chimbudzi chinali choyera ngati madzi otsukira mpunga, miyendo ikukokana, mawu atatha, kumwa akulephera. Apa za kunyumba zinali zitadutsa. Tinawaika dripi ya Ringer's lactate mwachangu, tinawapatula poganizira kolera, n'kudziwitsa oyenera kudziwa. Kolera angathe kupha munthu m'maola ochepa, ndipo okalamba madzi amawathera msanga ludzu asakulimva kwenikweni. Madzulo anayamba kumwa okha. Panalinso bambo amene watsekula kwa milungu itatu, ataonda. Kutsekula kukafika masiku 14 timafufuza zina: tizilombo monga giardia, kusowa zakudya m'thupi, kachilombo ka HIV, kapena matenda a matumbo enieniwo. Anapita kukayezetsa chimbudzi ndi magazi.

Lachisanu inali nthawi yanga yophunzitsa anthu odikira pamzere, ndipo ndinasankha nkhani ya chakudya, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaphonya. Wotsekula azidya. Matumbo amachira msanga akamalandira chakudya, ndipo mwana womanidwa chakudya amaonda, kenaka amagwidwanso mosavuta, n'kuondanso. Woyamwa ayamwe pafupipafupi kuposa kale. Amene anayamba kudya mumupatse zofewa, pang'onopang'ono, mwina kasanu ndi kamodzi patsiku: phala, mpunga, mbatata yopota, dzira, nsomba kapena nyama yophika bwino, msuzi wa mchere pang'ono, yogati, ndi nthochi yakupsa imene imabwezera potaziyamu. Kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira m'phalamo kamaonjezera mphamvu. Akakana musamukakamize, koma musatope kuyesanso. Akachira mumuonjezere chakudya kamodzi patsiku kwa milungu iwiri kuti abweze thupi. Akuluakulu ena mkaka wa ng'ombe umawavuta kwa masiku angapo akatsekula, ndipo angaupumire kaye, koma bere silisiyidwa.

Ndinabwerezanso mlingo wa ORS wa kunyumba: akangochita chimbudzi, wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100, wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200, wamkulu amwe mmene angathere. Ndinawapempha kuti asagone naye kunyumba, koma athamangire naye kuchipatala, wodwala amene akulephera kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, wafooka n'kumangogona, wasiya kukodza, akutentha thupi, kapena chimbudzi chake chili ndi magazi.

Agogo ena anakweza dzanja. "Anamwino, nanga chimbudzi cha khanda chili ndi vuto ngati? Chija n'cha mkaka wokhawokha." Ndinawayankha kuti, "Agogo, chili ndi tizilombo tochuluka, ndipo khanda lotsekula lingathe kudwalitsa nyumba yonse." Chitayidwe m'chimbudzi, ndipo wosintha thewera asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya, kapu kapena bere. Mayi wina anafunsa ngati katemera wa rota amateteza kutsekula konse. Amateteza kwambiri ku kutsekula koopsa kwa rota, koma tizilombo tina timatsala, choncho mwana wolandira katemera angathebe kudwala. Ndinawauza kuti paketi ya ORS azikhala nayo m'nyumba mwana asanayambe n'kudwala komwe.