Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Chaka chomwe ndimayankhulira mwa mtsikana wa m'buku

Gawo lapitalo ndinalekera pomwe bambo anamwalira, nde ena mwakhala mukundifunsa kuti nanga mwana wa zaka 15 ameneyo anapirira bwanji. Sanapirire ayi, anangosiya kuyankhula basi. Kunyumba amati ndine wolimba mtima poti sanandione ndikulira, kusukulu amati ndayamba mwano poti akandifunsa funso ndimangoti kaya ngakhale yankho ndikulidziwa, koma onsewa samadziwa kuti ndinali ndi kanthu mumtima komwe ndimaopa kuti kakangotuluka anthu andiona ngati chilombo.

Lero ndikhoza kukanena. Bambo anadwala nthawi yaitali ndipo chipinda changa ndi chawo chimangosiyana khoma. Usiku uliwonse chifuwa, kubuula, mayi kudzuka, chitseko kutseguka, madzi kuthiridwa m'beseni, kenako chifuwa chija kuyambiranso. Nde usiku woyamba nyumba itakhala zii ine ndinagona tulo tofa nato, ndipo podzuka m'mawa ndinamva kupepukidwa. Kupepukidwa abale. Bambo ako amwalira iwe nkupepukidwa. Kuyambira m'mawa umenewo ndinadziweruza ndekha kuti ndine mwana woipa ndipo mlandu unathera pompo, panalibe woti andiikire kumbuyo chifukwa panalibenso yemwe amadziwa kuti pali mlandu.

Zotsatira zake zinayamba kuonekera m'thupi. Tulo tija tinathawa, mutu umangopweteka, m'mimba mumangopota popanda chifukwa, malikisi anatsika mpaka ine amene ndimakhala pamwamba ndinayamba kufunafuna dzina langa kumunsi kwa pepala. Panopa ndikudziwa kuti zimenezi sizachilendo, a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amanena kuti mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la matenda a maganizo, komanso kuti pafupifupi theka la matenda amenewa amayamba munthu asanapitirire zaka 14. Tangowerengani mitu m'kalasi imodzi muone kuti ndi ana angati amenewo. Koma nthawi imeneyo ine ndimaona ngati ndili ndekhandekha padziko lonse lapansi.

Ku laibulale ndinakafikako chifukwa cha chibalo, osati kukonda mabuku. Ndinajomba phunziro la madamu ena ake ophunzitsa Chingerezi, nde m'malo mondikwapula kapena kundipatsa zokumba anangoti, "Iwe, uzibwera kuno ukaweruka, uzibwezera mabuku m'mashelufu mpaka ine ndidzakuuze kuti zakwana." Mpaka lero ndimakayikira ngati chinalidi chibalo kapena anaona zinazake pankhope panga, koma sanandifunsepo kanthu ndi tsiku limodzi lomwe, amangokhala pa tebulo lawo kuchonga makope ine ndikutolera mabuku.

Mwa mabuku obwezedwawo munali ka novel kena kothaitha, chikuto atachimata ndi selotepi yomwe inali itasanduka yachikasu. Ndinakatsegula pakati chifukwa chotopa kuimirira. Inali nkhani ya mtsikana amene amasamala agogo ake odwala, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa nsalu zawo, anzake akusewera panja. Agogowo atamwalira, mtsikanayo analowa kuchipinda chija, natsegula windo lomwe limakhala lotseka nthawi zonse, nkugona pabedi chagada manja atatambasula, ndipo wolembayo ananena mosabisa kuti anasangalala. Kenako ndime yotsatirayo mtsikana uja akudzida yekha chifukwa cha kusangalalako.

Ndinachita kakasi. Ndinawerenga ndimeyo kubwereza-bwereza nditatsamira shelufu, makutu akutentha ngati wina wandigwira ndikuba. Koma chomwe chinandimaliza ndi ichi: mizere imeneyo inali itadulidwa kale mzere kunsi kwake ndi pensulo, mwamphamvu mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Wina wake pasukulu pomwepo, kaya wa chaka chiti, anafika pa tsamba lomwelo nkuimanso pomwepo. Ndinayang'ana kakhadi ka kumbuyo kolemba masiku obwezera, madeti anali mbwee mpaka kuseri. Nde kuti mwana woipa uja sindinali ndekha, analipo wa m'bukumo, analipo amene analemba bukulo poti sakanalemba zimene sakuzidziwa, analiponso wa pensuloyo.

Ndinabwereka bukulo nkukaliyambira pachiyambi usiku, tochi m'bulangeti.

Apa ndikufuna ndinene chinthu chomwe ndimatsutsana nacho anthu ambiri. Amalume anga, munthu wabwino ndithu, ataona kuti ndasintha anandibweretsera buku lija la malangizo, lolimbikitsa anthu, loti ganiza zabwino, dzuka, iwala zakale, ndiwe wopambana. Sindinapitirire mutu woyamba. Buku lotero limakulozera chala, limati iwe chita chakuti, iwe siya chakuti, nde mwana amene akudziona kale kuti ndi wolakwa amangomva ngati mlandu wawonjezekera, tsopano walephera ngakhale kusangalala kumene akumuuza kuti asangalale. Nkhani yopeka siyikuuza chochita. Siyikudziwa nkomwe kuti uliko. Imangopitiriza za mtsikana wake uja, iwe nkumasuzumira, ukafuna kulira ulira, ukafuna kutseka utseka, palibe akukuyang'ana kuti aone ngati wachira. Kwa munthu wa zaka 15 amene amaona ngati maso onse ali pa iye, ufulu umenewo ndi waukulu kwambiri.

Chinanso chomwe ndinazindikira msanga ndi cha usiku. Maganizo oipa aja amakonda mutu ukakhala wopanda chochita, amangozungulira pamodzimodzi, ndine woipa, akanadziwa, ndine woipa. Koma kuwerenga nkhani kumafuna mutu wonse, ukuyenera kupanga wekha nkhope za anthuwo, nyumba yawo, mawu awo, kukumbukira kuti uyu ndi ndani wa uyu, nde malo oti maganizo aja azungulirepo amasowa. Ndimawerenga mpaka maso kulemera nkugona tochi ikuyaka. Sikuti vuto limatha, m'mawa limakhala lilipo, koma munthu amene wagona amalimbana ndi tsiku mosiyana ndi amene wachezera.

Koma phindu lenileni linabwera pa achemwali anga. Iwowo ndi aakulu kwa ine ndithu ndipo ndi amene amathandizana ndi mayi kudwazika bambo. Tsiku lina akuchapa ine ndikuwathandiza kufinya, ndinangoyamba kuwafotokozera nkhani ya m'buku ija, ngati nkhani chabe. Nditafika pa windo paja ndinafunsa, mtima ukugunda, "Achemwali, munthu wotereyu si woipa?"

Sanayankhe msanga, anapitiriza kutikita kolala ya malaya. Kenako anati, "Ayi achimwene, ameneyo anatopa. Kutopa ndi kusakonda ndi zinthu ziwiri."

Ndinati, "Koma mpaka kusangalala?"

Anati, "Amasangalala kuti kuvutika kwatha, kwa agogowo ndi kwake komwe. Nanga anali ndani amene amadzuka usiku, si iye yemweyo?"

Palibe ananena kuti ine, palibe ananena kuti iwe, dzina la bambo silinatchulidwe. Koma tonse timadziwa kuti tikukamba za ndani. Ndipo zinapitirira choncho kwa nthawi, amatha kundifunsa kuti kodi mtsikana wako uja zikumuyendera bwanji, ine nkuyankha kuti masiku ano akugonako, kapena kuti dzulo zinamuvuta, chonsecho buku ndinali nditamaliza kalekale kkkk. Kunena kuti ine ndikumva chonchi kunali kosatheka, pakamwa pamangouma. Kunena kuti iye akumva chonchi kunali kophweka. Ndi ntchito imeneyo yomwe nkhani yopeka inandigwirira, inandibwereka munthu woti ndiziyankhuliramo mpaka ndidzathe kuyankhula ndekha.

Nditakula ndinayamba kufufuza kuti kodi zimenezi zinangondichitikira ine kapena akatswiri anaziona. Pali katswiri wa zamaganizo wa ku University of Toronto, Keith Oatley, amene amafanizira nkhani yopeka ndi makina aja ophunzitsira oyendetsa ndege, oti umaphunzira kuuluka ndi kutera uli pansi, ukalakwitsa palibe amafa. Iye amati m'nkhani timayeserera moyo wa anthu ena, mkwiyo, nsanje, imfa, chikondi, popanda kuvulala nazo. Mu 2006 iye ndi Raymond Mar ndi anzawo anapeza kuti anthu owerenga kwambiri nkhani zopeka amakhoza bwino pa mayeso ena oti uzindikire zomwe munthu akumva pongoona chithunzi cha maso ake. Mu 2013 David Kidd ndi Emanuele Castano anatulutsa kafukufuku mu magazini ya Science wonena kuti ngakhale kuwerenga kachigawo kochepa chabe ka nkhani yolembedwa mwaluso kumathandiza nthawi yomweyo, nkhani inamveka ponseponse, koma ena atabwereza kafukufukuyo mu 2016 sanapeze zomwezo. Ine zimenezi sizinandidabwitse, sindikhulupirira kuti masamba ochepa angasinthe munthu pompopompo, zimatenga mabuku ndi zaka.

Kafukufuku wina amene anandigwira mtima ndi wa 2023, wa akatswiri a ku mayunivesite a Cambridge, Warwick ndi Fudan, amene anaunika achinyamata oposa 10,000 a ku America. Anapeza kuti amene anayamba ali aang'ono kuwerenga mongosangalala, osati za mayeso, pofika paunyamata amakhala ndi zizindikiro zochepa za nkhawa ndi kukhumudwa, amatha kuika chidwi pa chinthu, amagona nthawi yotalikirapo komanso sakhalitsa pa foni ndi TV. Anati mlingo wabwino unali pafupifupi maola 12 pa sabata. Tisakokomeze, kafukufuku wotere amangoonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, mwana amene ali ndi mabuku nthawi zambiri amakhalanso ndi zina zomuthandiza pakhomo. Komabe ena nkhani ya kuwerengayi anaitenga mozama kale. Ku England kuyambira 2013 kuli ndondomeko yotchedwa Reading Well, yoti dokotala akhoza kukutumiza ku laibulale kukabwereka buku la pa mndandanda wosankhidwa ndi akatswiri, ndipo mu 2016 anatulutsa mndandanda wa achinyamata a zaka 13 mpaka 18 momwe munali ndi ma novel omwe, osati mabuku a malangizo okhaokha.

Nde ndikamva kholo likukalipira mwana kuti siya zopekazo uwerenge za mayeso, mtima umandiwawa. Mwana yemweyo akakhala pa foni maola ndi maola kuonera anzake akudzionetsa kuti zikuwayendera, palibe amalankhula kwambiri, koma akagwira novel akuti akutaya nthawi. Pa foni umaona kunja kwa anthu, zomwe asankha kuti uone. M'nkhani umalowa mkati mwa munthu, kumene kuli manyazi ake ndi mantha ake, ndipo mwana amene akudziona kuti ndi wosokonekera ndi kumeneko komwe akufunika kusuzumirako.

Koma ndisakunamizeni kuti buku ndi mankhwala. Ku laibulale komweko ndinadziwana ndi mnzanga wina amene amawerenga kuposa ine, buku lalikulu amalimaliza ine ndisanafike pakati pa langa. Iyeyo mabuku amangobisalamo, akatseka amakhala chimodzimodzi kapena kuposa, anasiya kusamba, anasiya kucheza, mpaka anayamba kukamba zoti kulibwino kungochokapo padziko. Amene anamupulumutsa ndi madamu omwe aja, anamva nkuitana makolo ake, anamutengera kuchipatala nkuyamba kuonana ndi mlangizi wa zamaganizo. Panopa ali bwino, ali ndi ana ake, akuwerengabe. Kusiyana kwa iye ndi ine sikunali pa mabuku, ine ndinali ndi achemwali oti ndikatuluka m'bukumo ndiwapeze, komanso vuto lake linali lozama kuposa langa. Mwana akafika pokamba zodzipha kapena kudzivulaza, musamupatse novel nkumati zitha, mutengereni kwa achipatala tsiku lomwelo.

Chibalo changa chija sichinathe mwalamulo, madamu sanandiuzepo kuti zakwana ndipo ine sindinafunse. Pofika kumapeto kwa chaka ndinali nditapatsidwa kiyi, ndine ndimatsegula ndi kutseka, ndipo malikisi anayamba kukwera pang'onopang'ono ngakhale masamu anakanirira pansi. Kunyumba nako mayi anali atayamba kudabwa kuti mabatire a tochi akutha bwanji chonchi. Tsiku lina poyala pabedi panga anapeza kope pansi pa matiresi, momwe ndinali nditayamba kulembamo nkhani yangayanga, ya mnyamata wina ndi bambo ake odwala, maina okha nditasintha. Anawerenga yonse. Zomwe zinachitika madzulo amenewo nditabwera kusukulu nkuwapeza atakhala pabedi panga kope lili m'manja, ndidzakuuzani mu gawo 7.